Petulo akundithera m'njira, kodi ndikulitse thanki?

Funso: Ndimachita kabaza pa njinga yamoto ya 150cc pakati pa Dedza ndi Golomoti, koma petulo sakuchedwa kutha. Kodi ndikaotcheretse thanki kuti ikule? Wowerenga, Dedza.

Yankho: Achimwene, chonde thankiyo musaotcheretse. Ngakhale mukhuthule petulo yense, mpweya wake umatsalira mkatimo ndipo umaphulika ukakumana ndi moto. Gulani thanki yaikulu ya kufakitale, yokhala bwino pa felemu, yosagunda mahandulo pokhota. Apo ayi, chigubu chachitsulo cha malita 5, chomangidwa kutali ndi ekizozi.

Koma yambani mwayeza kaye. Dzazani thanki, lembani makilomita, ndipo podzazanso gawani mtunda mwayendawo ndi malita mwathirawo. Thanki ya malita 11, njinga ikamayenda makilomita 40 pa lita, ndi makilomita 440. Njinga ikalephera makilomita 30 pa lita, pali chavuta.

Masulani pulagi. Ikakhala yakuda ndi mwaye, kabureta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) ikumwetsa petulo wambiri, kawirikawiri chifukwa fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Tcheni chouma ndi matayala ophwa nazo zimadya mafuta. Chitunda cha Golomoti mutasenza matumba a kachewere, kwerani ndi giya yotsika. Kukakamiza giya yapamwamba kumatopetsa injini.