Voisi yoyankha asuweni za sukulu ya mwana

Eee, asuweni, ndamva voisi yanu ija. Mukuti mwana wakwanitsa zaka 4 koma sakutha kulemba dzina lake, ndiye mukufuna mumuchotse kumkombaphala mukamulembetse kunazale ya Chingerezi kutauni. Hmm. Dikirani ndikhale kaye pansi, ndangoweruka kumene, m'manjamu mudakali dothi, timaumba ng'ombe ndi ana lero.

Inutu nkhani yanu si ya sukulu ayi. Ndinakudziwani mukadali ndi mamina. Mwaona kavidiyo kaja anaponya alamu anu pagulupu pano, mwana wawo akulakatula ABC, ndiye mtima wakuwawani kuti inu muli ku Joni, wanu akukula inu kulibe. Ndanama?

Mukuwakumbukira bambo anu aang'ono, amalume anga a ku Lizulu aja? Mu 1994, chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, anakutengani kukakulembetsani Sitandade 1. Aphunzitsi anati dzanja lidutse pamutu mugwire khutu la mbali inayo. Dzanja osafika! Munalira njira yonse. Agogo anapsa mtima, mukudziwa mmene zinalili chichitikire za munda zija, ankaona ngati aliyense akuwaderera. Amalume anangoti, "Musiyeni, ndili naye ntchito." Chaka chonse chija... ayi ndanama, osati chonse, nthawi ya dzinja anadwala... mumakhala nawo pansi pa mango paja ankakonzera njinga. Akakutumani masipoko asanu, inu mubweretse anayi, iwo osakalipa, amangoti, "Tawerenganso." Manja ali bii ndi girizi, koma akukufotokozerani chifukwa chake tcheni chimaguluka, ngati akuyankhula ndi munthu wamkulu. Galimoto yamawaya ija, ya mateyala a zivindikiro za polishi, munapanga nawo pamenepo, ndipo mumatikaniza kuigwira, umbombo munayamba kale! Chaka chotsatira mutalowa sukulu, masamu anakuvutani? Aaa, ndawasowa amalume.

Ndiye ndimati chiyani... eya. Ife kumkombaphala timachita zomwezo. Mwana adye phala kaye, wanjala samva kanthu. Kenako nyimbo, masanje, kuwerenga ndi zitsekerero za mabotolo, kujambula pamchenga ndi kamtengo. Dothi lija likulimbitsa zala zomwe zidzagwire pensulo. Ine ndikaona mwana, ndimayang'ana ngati akufunsa mafunso, ngati akudikira nthawi yake pamasewera, ngati akutha kunena kuti "ndikufuna kuchimbudzi" mopanda mantha. Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6, wanuyo zatsala ziwiri zathunthu. Chingerezi choloweza ngati nyimbo, mwana osadziwa tanthauzo, ine chimandimvetsa chisoni.

Musamuchotse. Chimene akusowa mwanayo ndi munthu wamkulu woyankhula naye, womumvetsera mpaka amalize. Ndalama mwakonzera fizi ya kutaunizo, gawo lina gulani bandulo muzimuimbira madzulo. Osati zija zanu za "wadya? wasamba? apatse amayi ako foni." Nenani "Padangotero", iye ayankhe "Tili tonse", mumuuze za Kalulu, mumufunse waumba chiyani lero, ng'ombeyo dzina lake ndani.

Mwandimva, asuweni? Mwana akhale pomwe alipo, inu muziyankhula naye. Zomwe anakuchitirani amalume pansi pa mango zija, mumuchitire pafoni. Muyambe lero asanagone, mawa ndiwafunsa amayi ake ngati munaimba.