Kudinda zala ku banki ndi 666? Yankho kwa mayi amene akumanga ku Mulanje

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg. Dzina ndabisa, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Abambo, ndithandizeni. Abusa athu akuti tili m'masiku otsiriza enieni, ndipo zodinda zala ku banki ndi ku Home Affairs, komanso zolipira pongogunditsa foni pamakina, ndiye chiyambi cha 666. Akuti amene akumanga kumudzi akungotaya ndalama poti mkwatulo wayandikira, bola ndalamazo kuziika ku ntchito ya Mulungu. Ine nyumba yanga ku Mulanje yafika pamazenera. Ndisiye? Nanga khadi la ku banki ndilitaye? Tulo sindikuliona."

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi yankho lalifupi kuti usiku uno mugoneko: khadi musataye, ndipo nyumba musasiye. Zifukwa zake ndiye zazitali, mundipirire.

Sindikuti Ambuye sadzabwera ayi. Akatolika, a CCAP, a Anglican, a Seventh Day, a Pentekosite, tonse timavomereza kuti Yesu adzabweranso kudzaweruza amoyo ndi akufa. Ndipo mantha anuwo sindikuwaseka. Munthu wa ku Mulanje amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, kenako chaka chomwecho n'kumva za moto wa m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Johannesburg muno umene unapha anthu oposa 70, Amalawi anzathu ali momwemo, akamva mlaliki akuti dziko latha sangatsutse msanga. Mtima umakhala utavomera kale.

Tiyambe ndi 666, chizindikiro cha chilombo chija. Chivumbulutso 13:16-17 imanenadi kuti aang'ono ndi aakulu, olemera ndi osauka, adzapatsidwa chizindikiro padzanja lamanja kapena pamphumi, ndipo wopanda chizindikirocho sadzatha kugula kapena kugulitsa. Vesilo lilipo, abusa anu sanapeke. Kungoti mutuwo auyambira kumchira. Inu yambani pa vesi 1, mudzaona kuti nkhani yonse ndi ya kulambira. Pa vesi 4 anthu akulambira chinjoka ndi chilombo. Pa vesi 8 akulambiranso. Pa vesi 12 akukakamizidwa kulambira, ndipo pa vesi 15 wokana kulambira fano akuphedwa. Chizindikiro chikubwera pambuyo pa zonsezi, ngati chidindo chosonyeza kuti munthuyu wagwada kale. Mukapitirira pang'ono, Chivumbulutso 14:1 ikuonetsa anthu 144,000 amene pamphumi pawo palembedwa dzina la Mwanawankhosa ndi la Atate wake. Sindinamvepo mbusa akuphunzitsa kuti Mulungu adzatiika kachipangizo pansi pa khungu. Tonse timamva kuti dzina la pamphumilo likunena za mwini wake wa munthuyo. Nanga bwanji chizindikiro chinacho tikuchisandutsa pulasitiki? Myuda wowerenga za dzanja ndi mphumi ankakumbukira Deuteronomo 6:8, pamene analamulidwa kumanga mawu a Mulungu padzanja ndi pakati pa maso: zochita zako ndi maganizo ako zikhale za Yehova. Chilombo chikufuna malo omwewo.

Yohane analemba bukuli ali pachilumba cha Patmos, kulembera mipingo 7 ya m'dera limene lero lili m'dziko la Turkey, ndipo ambiri amati inali nthawi ya mfumu Domitian, amene analamulira Roma kuyambira chaka cha 81 mpaka 96. Ingapo mwa mizinda ya mipingoyo inali ndi akachisi olambiriramo mfumu ya Roma. Patangopita zaka zochepa, cha m'ma 112, bwanamkubwa wina dzina lake Pliny analembera mfumu Trajan kufotokoza mmene ankayesera anthu owaganizira kuti ndi Akhristu: ankawauza kuti apemphere kwa milungu, apereke lubani ndi vinyo pamaso pa fano la mfumu, ndipo atukwane Khristu. Wochita zimenezi ankamasulidwa. M'chaka cha 250 mfumu Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe n'kulandira kachikalata kotsimikiza kuti wapereka, ndipo tina mwa timakalata timeneti tinapezeka ku Egypt, tilipo mpaka pano. Ngakhale nambala ija, akatswiri ambiri amaona kuti dzina la Nero Caesar likalembedwa m'zilembo za Chiheberi, zimene zinkagwiranso ntchito ngati manambala, limakwana 666. Mipukutu ina yakale ili ndi 616, imene imagwirizana ndi kalembedwe kena ka dzina lomwelo.

Ife Amalawi sitifunikanso kupita ku Roma kuti timvetse khadi lofuna mtima wa munthu. Funsani amayi anu za khadi la chipani nthawi ya Kamuzu. Ayufi ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake la tomato. A Mboni za Yehova anakana kuligula chifukwa ankaona kuti likufuna chimene iwo anapereka kale kwa Mulungu. Chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, mu 1972 anthu masauzande anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ine si wa Mboni, ndipo pa ziphunzitso zambiri timasiyana kutali. Sindikunenanso kuti makolo athu amene ankagula makadiwo analandira chizindikiro cha chilombo, Mulungu andikhululukire. Ndikungoti onani mtundu wake wa chinthucho: khadi lija linkafunsa kuti uli mbali ya ndani. Tsono ku banki kuja, pamene mtsikana wa pakauntala anakuuzani kuti muike chala pakagalasi kowala, anakufunsani kuti mumapemphera kuti? Anakuuzani kuti mukane Yesu kuti akutsegulireni akaunti? Makinawo amangofuna kudziwa kuti wobwera kudzatenga ndalama ndinudi, osati wakuba amene watola khadi lanu mutekisi ya ku Bree.

Tsiku limene munthu adzakuuzani kuti simugula ufa pokhapokha mutakana Khristu, simudzafunika kundilembera imelo. Mudzadziwa nokha. Chizindikiro chimene munthu angachilandire mwangozi ali pamzere Lolemba m'mawa, mtima wake uli kwa Yesu, m'Baibulo mulibe. Timizere takuda ta pakatundu wa m'sitolo anatitchulapo 666. Makadi a ATM anawatchulapo. Mu 2017 pamene kwathu ankalembetsa ziphaso za unzika ena ananenanso zomwezo, katemera wa Covid chimodzimodzi. (Kuopa Home Affairs chifukwa mapepala sali bwino ndi nkhani ina, yeniyeni ndithu, koma yosakhudza Chivumbulutso.)

Tsopano za kuyandikira kwa tsikulo. Apa mbiri yathu yomwe ikanatiphunzitsa tikanakhala omva. Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay amene anaphunzira ku Livingstonia, anabwera kuno ku South Africa kudzagwira ntchito ngati mmene tabwerera ifemu. Ku Cape Town anakhala ndi Joseph Booth n'kuphunzira za Watch Tower (gulu limene a Mboni za Yehova anachokerako), ndipo atabwerera kwawo mu 1908 analalikira kuti ufumu ubwera mu 1914 ndipo msonkho utha. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000. Atsamunda anamuthamangitsa mu 1909, ndipo anadzaloledwa kubwerera mu 1937 atakhala zaka zambiri ku Seychelles. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti 1914 itafika nkhondo yaikulu inayambadi, mpaka mfuti zinalira ku Karonga mu Seputembala chaka chomwecho. Munthu wa nthawi imeneyo, amene mwana wake anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali osabwerako, anali ndi zifukwa zomveka kuposa zathu zonenera kuti mapeto afika. Koma dzuwa linatulukabe, ndipo zidzukulu zake ndi ifeyo.

Kamwana asanabadwe, William Miller wa ku America anatenga masiku 2,300 a pa Danieli 8:14, n'kuwawerenga ngati zaka kuyambira 457 Yesu asanabadwe, ndipo omutsatira anadikira pa 22 Okutobala 1844, ena atasiya mbewu m'munda osakolola. Harold Camping anati 21 Meyi 2011. Joshua Mhlakela wa konkuno ku South Africa anati mkwatulo uchitika pa 23 ndi 24 Seputembala 2025, nkhani inadzaza TikTok ndi magulu a WhatsApp, ndipo pa 25 matekisi ananyamula anthu kupita kuntchito monga mwa masiku onse. Ambiri mwa anthuwa sanali akuba. Ankakhulupiriradi masamu awo. Koma Yesu pa Mateyu 24:36 anati za tsikulo sadziwa munthu, ngakhale angelo, koma Atate okha, ndipo pa Machitidwe 1:7 anauza ophunzira ake kuti kudziwa nthawi si kwawo. Abusa anu mwina sanatchule deti, koma kuuza munthu kuti asakhome malata poti nthawi yatha n'kutchula deti mozembera.

Nanga nkhondo, njala ndi zivomezi za pa Mateyu 24? Werengani vesi 6 mpaka kumapeto kwake: Yesu akuti musadere nkhawa, chimaliziro sichinafike. Ndipo mutuwo ukuyamba ndi ophunzira akusirira miyala ya kachisi wa ku Yerusalemu, Iye n'kuwauza kuti sipadzatsala mwala pamwamba pa unzake. Zimenezi zinachitika m'chaka cha 70, asilikali a Roma motsogozedwa ndi Titus atagwetsa mzindawo. Mbali ina ya mutuwo inakwaniritsidwa pamenepo, ina ikudikira kubwera kwake, ndipo malire ake enieni akhala akukanganitsa ophunzira Baibulo kwa zaka mazanamazana.

Za mkwatulo ndinene mwachidule. Chiphunzitso chakuti mpingo udzatengedwa mwakachetechete chisautso chachikulu chisanayambe chinafala kudzera mwa John Nelson Darby m'zaka za m'ma 1830, kenako Baibulo la Scofield la 1909, ndipo mipingo yambiri ya Pentekosite imachigwira. Akatolika ndi mipingo yochokera kwa Calvin monga CCAP amawerenga 1 Atesalonika 4 ngati kubwera kumodzi koonekera kwa onse, ndi mfuu ndi lipenga. Ine ndimatsamira kumeneku, poti lipenga si chinthu chachinsinsi. Koma ndili ndi abale okonda Ambuye kundiposa amene amakhulupirira mbali inayo, ndipo nawonso amamanga nyumba ndi kulipira fizi.

Pa nyumbayo ndiye Baibulo silinong'ona. Ku Tesalonika ena anamva kuti tsiku la Ambuye lafika, ndipo mumpingo momwemo munali ena ongokhala osagwira ntchito. Paulo anawalembera kuti asagwedezeke maganizo msanga, n'kuwonjezera pa 2 Atesalonika 3:10 kuti wosafuna kugwira ntchito asadye. Yeremiya 29 ndi kalata yopita kwa anthu okhala kudziko la eni, ndipo ife a ku Joni tiziiwerenga kawirikawiri. Aneneri ena ankawauza kuti ukapolo utha posachedwa, Yeremiya n'kuwauza kuti mangani nyumba, limani minda, kwatirani, poti zaka zake ndi 70. Ndipo pa mutu 32, asilikali a Babulo atazinga Yerusalemu, iye ali m'ndende, anagula munda wa ku Anatoti ndi masekeli 17 a siliva, nalemba kalata ya umwini pamaso pa mboni, nauza Baruki kuti aisunge mumtsuko wadothi kuti ikhalitse. Mneneri yemweyo amene ankalalikira kugwa kwa mzinda ndi amene ankasamala za mapepala a malo.

Chimene chandikhumudwitsa m'kalata yanu ndi mawu aja akuti bola ndalamazo zipite ku ntchito ya Mulungu. Ngati dziko likutha posachedwa kotero kuti simenti yanu ilibe ntchito, ndalama yomweyo ikagwira ntchito yanji m'thumba la mpingo? Lendi ya holo imene mumapempheramo akulipirabe mwezi ndi mwezi? Ana a abusa asiya sukulu? Sindikuwaweruza, sindikuwadziwa, ndipo mwina akungobwereza zimene anamva pa YouTube. Koma mafunso amenewa muli ndi ufulu wowafunsa, mwaulemu, makamaka mutatenga mayi wina wachikulire wa mumpingomo kuti musakhale nokha. Chopereka chanu pitirizani kupereka monga mtima wanu watsimikizira, osati mokakamizidwa, monga 2 Akorinto 9:7 ikunenera. Ndalama ya malata ikhale ya malata. Mukaitumiza, muuze amene akuyang'anira ntchitoyo akutumizireni chithunzi cha lisiti ndi cha makomawo, ndipo yesetsani kuti denga likwere mvula isanayambe, poti njerwa zikanyowa nyengo yonse ya dzinja mudzalipira kawiri. Abusawo akakana kufunsidwa, kapena akayamba kukutchulani paguwa kuti ndinu wosakhulupirira, mipingo ya Amalawi mu Johannesburg muno ndi yambiri, ndipo kusamuka si tchimo.