Phuma la Romeo ndi Juliet: kodi linali la ana okha?

Makalata awiri andipeza sabata imodzi, onse akukamba za buku limodzi, ndiye ndaona kuti ndiwayankhe pamodzi. Yoyamba ndi ya mtsikana wa Fomu 4. Aphunzitsi adawapatsa funso lakuti afotokoze momwe kuchita zinthu mwaphuma kudaphetsera Romeo ndi Juliet m'sewero la William Shakespeare. Iye akuti adadzaza masamba atatu, koma malikesi adabwera ochepa, aphunzitsi n'kulemba m'mbali kuti wangobwereza nkhani. Yachiwiri ndi ya mayi amene apeza bukuli m'chikwama cha mwana wawo wazaka 15. Aliwerenga, ndipo mtima suli m'malo: akufunsa ngati nkhani ya ana okwatirana mobisa n'kuthera kumanda ili yoyenera kuphunzitsidwa kusukulu.

Ndiyambe ndi iwe mwanawe. Aphunzitsi ako sadakulakwire. Wochonga mayeso nkhaniyo amaidziwa kale, ndipo chimene akufuna kwa iwe ndi umboni wakuti phumalo lilipodi, ndi kumene lidawafikitsa. Umboni woyamba uli m'masiku. Tenga pepala ulembe.

Lamulungu m'mawa Romeo akulirira mtsikana wina, Rosaline, amene sakumufuna. Usiku wa tsiku lomwelo akulowa paphwando la kwa Capulet, adani a banja lake la Montague, akuona Juliet, ndipo Rosaline waiwalika pomwepo. Tambala asanalire agwirizana kale zokwatirana. Lolemba masana wansembe Laurence akuwamangitsa ukwati mobisa. Dzuwa lomwelo lisanalowe, Romeo wapha Tybalt, msuweni wa Juliet, ndipo wathamangitsidwa mumzinda wa Verona. Lachiwiri mbandakucha akuthawira ku Mantua, usiku wake Juliet akumwa mankhwala omugoneka ngati wakufa, amene wansembe wamupatsa kuti azembe ukwati umene bambo ake akumukakamiza ndi mwamuna wina, Paris. Lachitatu m'mawa a m'nyumba akumulira maliro. Sabata isanathe, onse awiri ali m'manda. Kuchokera pa kuonana koyamba kufika pa ukwati sipadapite ngakhale tsiku lathunthu.

Tsono dziwa ichi, chifukwa n'chimene chingakweze chimangirizo chako. Nkhaniyi Shakespeare sadaipeke yekha. Adaitenga m'ndakatulo yaitali ya Arthur Brooke ya chaka cha 1562, ndipo m'ndakatulomo zochitikazo zimatenga miyezi pafupifupi 9, awiriwo amakhala pabanja lachinsinsi kwa nthawi ndithu. Shakespeare, amene sewero lake lidasindikizidwa koyamba mu 1597, adaipanikiza miyezi yonseyo kukhala masiku osakwana sabata. Juliet wa Brooke ali pafupi ndi zaka 16, koma wa Shakespeare ali ndi zaka 13, akudikira kukwanitsa 14 pa 31 Julayi. Mlembi akachepetsa masiku ndi zaka chonchi ndiye kuti liwirolo waliikamo dala. Ukalemba zimenezi, wochonga aona kuti wawerenga ndi maso awiri.

Umboni wachiwiri ndi wakuti atengambali eniake akulidziwa phumalo, koma akupitirira. Usiku ule m'munda wa zipatso, Juliet yemweyo akunena kuti pangano lawo labwera mwadzidzidzi kwambiri, losaganiziridwa, ngati ching'aning'ani chimene chimazima munthu asanati n'kuloza. Patangopita kamphindi, ndi iyenso amene akuyambitsa za ukwati, nati mawa atuma munthu kudzamva malo ndi nthawi. Apa m'pamene pali chisoni cha seweroli. Mwanayu si wopusa. Nzeru anali nazo, chimene chidasowa ndi nthawi yoti nzeruzo zigonere.

Pa Romeo, malo awiri ndiwo ofunika kuwafukula. Oyamba ndi pamsewu Lolemba lija. Tybalt ndi msuweni wa Juliet, mwana wa amalume ake, choncho atamuputa, Romeo akukana ndewu chifukwa akudziwa kuti tsopano ndi pachibale. Mpaka apa wachita bwino. Koma mnzake Mercutio akulowa m'malo mwake, Romeo akuyesa kuleretsa, ndipo Tybalt akubaya Mercutio kudzera kunsi kwa mkono wa Romeoyo. Mkwiyo ukumugwira, akupha Tybalt. Kalonga Escalus anali atachenjeza kale dzulo lake kuti aliyense wodzasokonezanso mtendere m'misewu adzalipira ndi moyo. Romeo akadaugwira mtima mphindi zochepa, mlandu ukadagwera Tybalt, ndipo iye akadakhalabe mu Verona pafupi ndi mkazi wake. Chilichonse chotsatira, mankhwala aja, kalata ya wansembe yosafika kwa Romeo, manda aja, chikuphuka pa lupanga limenelo.

Achiwiri ndi ku Mantua. Wantchito wake Balthasar akubwera ndi uthenga wakuti Juliet wamwalira. Romeo akumufunsa kawiri ngati wansembe wamupatsira kalata. Ayi, palibe. Munthu wodekha akadadabwa pamenepo: zatheka bwanji kuti wansembe amene adalonjeza kumamudziwitsa zonse akhale chete pa nkhani yotere? Iye akungoitanitsa akavalo, n'kukagula poizoni kwa wogulitsa mankhwala wosauka, ngakhale lamulo la ku Mantua linali lakuti wogulitsa zotere aphedwe. Pofika ku Verona sakudzera n'komwe kwa wansembe. Pakhomo pa manda akupha Paris. M'kati akuona ndi maso ake kuti milomo ndi masaya a Juliet zikadali zofiira, osati zotuwa ngati za mtembo, akudabwa nazo, komabe akumwa. Wansembe atafika, Balthasar akumuuza kuti mbuye wake walowa m'mandamo theka la ola lapitalo. Theka la ola basi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndikafika pamenepa ndimatseka kaye buku.

Pali ena m'kalasi mwako amene anganene kuti zonsezi zidalembedwa kale, poti mawu otsogolera sewero amati nyenyezi zidawatsutsa awiriwa. Mfundoyi usaithawe, ipatse ndime yake. Tsoka lilimodi: wansembe John, amene adatumidwa ndi kalata yofotokozera Romeo kuti Juliet ali moyo, adatsekeredwa m'nyumba chifukwa akuluakulu a mzinda ankaopa kuti mudalowa mliri. Zimenezo si mlandu wa munthu. Koma funsa kuti tsokalo lidapeza khomo lotsekula ndani. Kalata yochedwa siikadapha munthu pakadapanda mnyamata amene sadathe kudikira kuti kuche.

Ndiye pali mfundo imene ophunzira ambiri amaidumpha, ndipo ndi imene ndikufuna kuti inu mayi muimve, chifukwa yankho la funso lanu lili momwemo. Akuluakulu a m'seweroli ali ndi phuma loposa la ana.

Taonani bambo Capulet. Poyamba, Paris atabwera kudzafunsira mbeta, akuyankha bwino: mwana akadali wamng'ono, padutse zaka ziwiri, ndipo ayambe wamukopa yekha mtima. Lolemba usiku, maliro a Tybalt asanazizire, bambo yemweyo akulonjeza Paris kuti ukwati uchitika Lachinayi, osamufunsa mwanayo. Ndi pakamwa pake akunena kuti Lachitatu lafulumira kwambiri. Juliet atakana, akumutukwana, akumuopseza kuti amukokera kutchalitchi, apo ayi achoke pakhomo akapemphetse ndi kufera m'misewu. Lachiwiri, mwana atanamizira kuvomera, chimwemwe chikuwapitirira ndipo akusuntha ukwati kubwera Lachitatu lomwe lija adalikana, ngakhale mkazi wawo akudandaula kuti zokonzekera sizikwana. Ndi chifukwa chake Juliet akumwa mankhwala usiku wa Lachiwiri m'malo mwa Lachitatu, ndipo dongosolo lonse la wansembe latsala ndi tsiku limodzi lochepa.

Wansembe Laurence nayenso ndimamuimba mlandu, ngakhale mtima wake unali wabwino. Ndi iye amene akulangiza Romeo kuti othamanga amapunthwa, koma tsiku lomwelo akudalitsa ukwati wa ana popanda kholo kapena nkhoswe, poganiza kuti udani wa mabanja awiriwo utha. Zitavuta, m'malo mopita kwa Capulet kukaulula zoona, akupatsa mwana wazaka 13 mankhwala omugoneka maola 42 kuti aikidwe m'manda ali moyo. Ndipo Juliet atadzuka n'kupeza mwamuna wake atafa, wansembeyo akumva phokoso la alonda, akuthawa, kumusiya yekha. Timati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Ku Verona zidatembenuka: udani adauyamba akulu, palibe n'komwe amene akutchula chiyambi chake, koma mimba zidapota ana.

Malo amene amandiwawa kuposa onse ndi ang'onoang'ono, ndipo ambiri sawakumbukira. Bambo atatuluka mokalipa, Juliet akutembenukira kwa mayi ake n'kuwapempha chinthu chimodzi: ukwatiwu auchedwetse mwezi umodzi, kapena sabata imodzi yokha. Mwana amene tikumunena waphumayu akupempha nthawi. Mayi akumuyankha kuti asawalankhule, athana naye. Akutembenukira kwa mlezi wake, amene adamuyamwitsa ndipo ankadziwa chinsinsi chonse, koma mleziyo akumuuza kuti angokwatiwa ndi Paris, Romeo amuiwale. Kuchokera pamenepo Juliet sakuuzanso munthu aliyense wa m'nyumbamo zakukhosi kwake.

Ndiye mayi, bukuli musamulande mwana wanu. Silikutamanda zimene awiriwa adachita. Likutha ndi anthu 6 atafa, kuphatikizapo mayi ake a Romeo amene adamwalira ndi chisoni, ndi abambo awiri akugwirana chanza pamwamba pa mitembo ya ana awo, akulonjezana ziboliboli zagolide zimene sizingadzutse munthu. Mwana wowerenga mpaka kumapeto saona chosiririka pamenepo. Chimene ndingakupempheni n'chakuti mulisandutse poyambira kucheza. Pophika kapena pochapa, mufunseni kuti akadakhala Juliet akadauza ndani. Mumvetsere dzina limene atchule. Likakhala la azakhali ake, la agogo, kapena la aphunzitsi, musakhumudwe, thokozani kuti munthuyo alipo. Akakhala chete osatchula aliyense, ntchito yanu yayambira pamenepo.

Ndikunena izi chifukwa pa ntchito yanga yolangiza ndakhala ndi atsikana ndi anyamata amene adasiya sukulu kutatsala miyezi yochepa kuti alembe mayeso. Ukafufuza bwino, chibwenzi chokha si chimene chidawachotsa. Chidawachotsa ndi usiku umodzi umene kholo lidamva mphekesera, n'kutaya zovala panja, mwana n'kupita kumene akadalandiridwa, ndiko kwa mnyamatayo. Makolo ena, poopa manyazi, amathamangira kukatula mwana kwa eni mimba kuti nkhani ithe msanga. Kumbukirani kuti m'Malawi malamulo salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo chiyambire kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, chilolezo cha makolo sichisintha zimenezo. Ndiponso mtsikana amene wachembeza ali ndi mwayi wobwerera kusukulu. Njira zilipo, koma zimaoneka kwa anthu amene agona kaye tulo asanagamule. Ndipo mwana akayamba kulankhula zakuti moyo watopa nawo, musaziyese nthabwala kapena mwano: khalani naye pafupi, mupite naye kuchipatala akaonane ndi alangizi tsiku lomwelo.

Ndibwerere kwa iwe wa Fomu 4. Polembanso chimangirizo chako, usayambe ndi mbiri ya mabanja awiriwo. Chiganizo choyamba chinene maganizo ako: kuti phuma lidapha awiriwa, koma silinali lawo lokha. Ndime iliyonse itenge chosankha chimodzi, unene amene adachipanga, njira ina imene inali patsogolo pake, ndi chimene chidatsatira. Zosankha zinayi zofukulidwa bwino zimaposa khumi zongotchula. Ine ndikadasankha ukwati wa Lolemba, imfa ya Tybalt, kusuntha tsiku kwa bambo Capulet, ndi poizoni wa ku Mantua, kenako ndime imodzi ya kalata ya wansembe John yoyankha amene amati linali tsoka chabe. Dziyese ndi wotchi, mphindi zomwezo zimene udzapatsidwe pamayeso, ukatero ukawapatse aphunzitsi ako achongenso. Pepala la masiku lija ulimate m'kati mwa chikuto cha kope lako.