Waya wa masipika ukaduka, mungadziwe bwanji musanagwire maikolofoni?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina wa ku Angónia, chakufupi ndi Ulongwe, amene amasamalira zokuzira mawu pamalo pomwe pali tchalitchi, sukulu ndi bwalo la misonkhano. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi:

"Tili ndi masipika 8 a lipenga, 30W iliyonse, onse pa laini imodzi ya 100V. Mwezi watha tinkalengeza kuti ana aweruke msanga chifukwa cha chimvula, koma masipika 3 a mbali ya kusukulu sanalankhule, ndipo palibe akudziwa kuti anasiya liti. Ampulifaya inkayaka getsi lobiriwira ngati masiku onse. Wogulitsa wina mumzinda wa Tete akuti tigule ampulifaya yomwe imayang'anira yokha mawaya. Kodi chinthu choterocho chilipodi? Chimagwira ntchito bwanji? Ndalama zathu n'zoperewera."

Achimwene, zikomo polemba. Chinthucho chilipo ndithu, wogulitsayo sanakunamizeni. Koma musathamangire kutulutsa ndalama, chifukwa makina amenewo amaona bwino pokhapokha ngati waya unayalidwa mwanjira yake, ndipo m'malo ambiri amene ndafikamo kuno kwathu waya sunayalidwe choncho.

Getsi lobiriwira lija limanena za ampulifaya yokha, kuti magetsi akulowa ndipo mkati simunatenthe. Za waya wopita kusukulu silidziwa kanthu. Waya ukaduka ampulifaya imapepukidwa katundu, moti imazizira bwino kuposa kale. Shoti, kutanthauza mawaya awiriwo akakhudzana, ndiyo imadziulula, poti ampulifaya imatentha kapena kudzizimitsa, koma kuduka kumabisala. Choipa china n'chakuti masipika olengezera amakhala duu nthawi yambiri, ndiye yamoyo ndi yakufa simungazisiyanitse mpaka tsiku lomwe mukuzifuna. Ife a ku Tete tikulidziwa tsiku lotero. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize, ndipo madzi akamabwera chonchi nthawi yokwera makwerero kukafufuza waya sipezeka. N'chifukwa chake ku Ulaya, muyezo wa EN 54-16 wa 2008 wokhudza makina olengezera ngozi ya moto umafuna kuti vuto lidziwike pasanathe masekondi 100.

Njira imene ogulitsa amakonda kutchula ndi yoyeza impedance, kapena kuti kulemera kwa laini monga ampulifaya imakumvera, komwe kumawerengedwa mu ma ohm, muyezo wa mmene chinthu chimakanira magetsi kudutsa. Pa laini ya 100V masamu ake ndi apafupi: mumagawa 10,000 ndi ma watt onse a pa lainiyo. Masipika anu 8 a 30W ndi 240W, ndiye laini yonse iyenera kuonetsa pafupifupi ma ohm 42. Imodzi ikachoka zimatsala 210W, ma ohm amakwera kufika pa 48. Atatu aja atachoka zinatsala 150W, pafupifupi ma ohm 67. Makina amasunga nambala ya tsiku loyamba, n'kumayerekeza nayo nthawi ndi nthawi, ndipo ikasiyana kwambiri amayatsa getsi lachikasu n'kuliza kabelu. Kwa inu amene muli ndi masipika akuluakulu owerengeka, njirayi ingathe kugwira bwino. Ubwino wake sifuna kanthu kena kumapeto kwa waya, komanso imaona ngakhale laini yokhala ndi nthambi.

Koma taganizirani chipatala kapena hotela yokhala ndi timasipika 40 ta mu siling'i ta 6W. Ndi 240W yomweyo, ma ohm 42 omwewo. Kamodzi kakafa, nambala imangosuntha ndi ohm imodzi. Pomwepo waya wa kopa wa 1.5 mm² uli ndi ma ohm pafupifupi 12 pa kilomita, ndiye mtunda wa mamita 300, kupita ndi kubwerera, ndi ma ohm 7. Kopa akatentha kukana kwake kumakwera pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Waya wodutsa pansi pa malata mu Okutobala masana, kuyerekeza ndi m'bandakucha wa mu Juni ku Angónia kuja, umasiyana ndi madigiri opitirira 25, ndipo zimenezo zokha zimasuntha nambala ndi pafupifupi ohm imodzi yomweyo. Mukawachuna makina kuti azimva tating'onoting'ono, amalira tsiku ndi tsiku popanda vuto, anthu n'kutopa nawo n'kuzula kabelu. Mukawamasula, samva kanthu. Chinanso, makina ambiri otsika mtengo amayeza pokhapokha laini ili chete, osati nyimbo zikulira.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya pilot tone. Ampulifaya imatumiza kaphokoso kosalekeza kokwera kwambiri, cha m'ma 20 kHz, komwe khutu la munthu wamkulu silikamva. Kumapeto kwenikweni kwa waya, kuseri kwa sipika yomaliza, kumaikidwa kabokosi kotchedwa end-of-line, komwe kamamvetsera kaphokosoko n'kubweza yankho. Zili ngati kuitana mwana amene ali kumapeto kwa dimba: akamavomera kuti "wawa", mukudziwa kuti mawu anu akudutsa dimba lonse. Waya ukaduka, kapena mawaya awiriwo akakhudzana, yankho limasowa, makina n'kukuuzani, ngakhale kwaya ili mkati moimba.

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse, achimwene. Kabokosiko kamachitira umboni msewu umodzi wokha, kuchokera pa ampulifaya kukafika pomwe kali. Ngati waya unachoka pa ampulifaya n'kulowa sipika yoyamba, kutulukanso kupita yachiwiri, mpaka yomaliza, msewu wonse ukuyang'aniridwa. Koma kwathu kuno timayala mawaya malinga ndi mmene ndalama zapezekera. Chaka chino tchalitchi, chaka chamawa wina amasenda waya pakati n'kulumikizapo nthambi yopita kusukulu, kenako ina yopita kubwalo. Ndikuganiza kuti masipika anu 3 ali pa nthambi yotero, poti anafera limodzi. Mukaika kabokosi kumapeto kwa laini ya kutchalitchi, nthambi ya kusukulu ingathe kuduka lero, getsi n'kukhalabe lobiriwira, inu mutalipira ndalama zambiri. Ndiye nthambi iliyonse imafuna kabokosi kake, ngati makinawo amalola, apo ayi waya uyalidwenso kuti ukhale mzere umodzi. Mufunsenso wogulitsayo kutalika kwa waya komwe makina ake amakwanitsa, chifukwa kaphokoso ka 20 kHz kamafooka pa waya wautali, ndipo tizipangizo tochepetsera voliyumu toikidwa pakhoma m'makalasi tingathe kukatsekereza.

M'nyumba zikuluzikulu amachita zoposa apa. Amayala malaini awiri, A ndi B, masipika n'kumasinthana, kuti laini imodzi ikafa theka lizilankhulabe. Ena amazunguliza waya kubwerera ku ampulifaya, n'kuika tizipangizo todula chigawo chomwe chachita shoti. N'zabwino, koma si za thumba lanu panopa.

Za thumba lanu ndi izi, ndipo ndikufuna muzimvetse bwino chifukwa zimatheka ndi multimeter wamba, kamita kam'manja koyezera magetsi. Musayeze laini ya 100V momwe ilili n'kuyembekeza kuona 42. Multimeter imayeza ndi DC, magetsi oyenda mbali imodzi ngati a batire, ndiye imangoona waya wokulungidwa mu thiransifoma ya sipika iliyonse, n'kukupatsani nambala yotsika yosathandiza kwenikweni. Choyezera impedance chenicheni chimagwiritsa ntchito phokoso la 1 kHz, ndipo ngati mungachipeze chobwereka, yezani mulembe. Koma pali njira yakale yomwe makina ena oyang'anira amaigwiritsabe ntchito mpaka lero. Pa sipika iliyonse mumaika capacitor yopanda plus ndi minus, yopirira 250V, pa waya umodzi wolowa mu thiransifoma. Pa lipenga la 30W, ya 2.2 µF imakwana, ndipo imatetezanso lipengalo ku mabesi omwe amaling'amba. Capacitor imalola mawu kudutsa koma DC imaitsekera. Kenako kumapeto kwa laini mumalumikiza resistor (kachipangizo kokana magetsi) ya 10 kΩ, kapena kuti ma ohm 10,000, pakati pa mawaya awiriwo, ya 2W kapena kuposa, poti pa 100V imadya 1W yathunthu.

Mukatero, zimitsani ampulifaya, masulani mawaya onse awiri kumbuyo kwake, muyeze. Mukaona pafupifupi 10 kΩ, waya ndi wamoyo mpaka kumapeto. Mita ikaonetsa kuti palibe chodutsa, waduka. Ikatsika kufika pa ma ohm ochepa, pali shoti. Ngati muli ndi nthambi ziwiri, resistor iliyonse kumapeto kwake, zonse pamodzi zimaonetsa 5 kΩ, ndipo tsiku lomwe mudzaone 10 mudzadziwa kuti imodzi yapita. Musaiwale kumasula mawayawo, chifukwa mukayeza ali pa ampulifaya mudzaona ngati shoti pomwe palibe. Ndipo chonde musagwire laini ikulankhula, 100V imaluma, makamaka muli pa makwerero achitsulo.

Yezaninso waya uliwonse ndi nthaka, kapena ndi chitsulo cha denga. Pasapezeke chodutsa. Vuto limeneli ndi lachinyengo, chifukwa waya umodzi ukakhudza malata mawu amamvekabe bwinobwino, mpaka tsiku lomwe winawo udzakhudzenso kwina, laini yonse n'kufa. Kawirikawiri ndimalipeza pomwe waya umatuluka m'nyumba: wagona pamphepete pa lata, mphepo ya mu Ogasiti yakhala ikuukwecha, chikopa chake chadyeka mpaka kopa akuwala.

Palibe njira mwa zonsezi imene imakuuzani kuti sipika yeniyeniyo ikumveka bwino. Lipenga lomwe mavu amangamo nyumba yadothi limaonetsa manambala abwino pomwe mawu ake ali ngati a munthu wachimfine. Choncho kamodzi pa sabata, tinene Loweruka, wina alankhule pa maikolofoni, wina ayende ndi foni kuima pansi pa sipika iliyonse. Manambala a pa mita muzilemba m'kope limodzi ndi tsiku lake, kopelo lizikhala pambali pa ampulifaya, kuti amene adzagwire ntchitoyi inu kulibe adziwe nambala yoyenera. Kukagwa mvula ya mphenzi, yezani m'mawa mwake osadikira Loweruka, poti waya woyenda panja pakati pa nyumba ziwiri ndi umene umayamba kuvulala.

Za masipika 3 aja, yambirani pomwe nthambi ya kusukulu inalumikizidwa. Masulani tepi yakudayo. Mukapeza madzi akudontha, timawaya tasanduka tobiriwira ndipo tikuthothoka m'manja ngati ufa, ndiye mwapeza. Dulani mpaka pomwe kopa ali woyera, mulumikize m'kabokosi kosalowa madzi, khomo la waya liyang'ane pansi. Ngati mkati mwa wayawo ndi moyera ngati siliva mukaupala ndi mpeni, anakugulitsani aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, ndipo ameneyo panja sachedwa kuola, ndi bwino kumusintha yense. Polumikizapo pakakhala pabwino, kwerani mu siling'i mufufuze mano a makoswe.

Ndalama zoyamba zipite ku waya wabwino, mabokosi olumikizira, ma capacitor ndi ma resistor. Ampulifaya yoyang'anira mudzagule laini itakhala mzere umodzi, ndipo pogula mumuuze wogulitsayo amasule waya kumapeto inu mukuona, muwerenge masekondi mpaka getsi lachikasu liyake. Mukayeza, nditumizireni manambala amene mwapeza pamodzi ndi chojambula cha mmene waya wanu wayendera, tione limodzi pomwe resistor iliyonse ikhale.