Achimwene okonza mapurinta afunsa: framework imene yandilanda ntchitoyi ndi chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene ali ndi kashopu kokonza makompyuta ndi mapurinta konkuno ku Mangochi. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi: kwa zaka zingapo ofesi ina ya boma inkawaitana purinta ikafa kapena tona akatha, iwo amapereka kotesheni, LPO (kalata ya oda yochokera ku ofesiyo) imatuluka, ntchito amagwira, ndalama imabwera ngakhale mochedwa. Chaka chino kuli zii. Atapita kukafunsa anangowauza kuti pepani achimwene, zimenezo pano zili pa framework, kampani inasankhidwa kale kumtunda ndipo maofesi tonse tikugula komweko. Ndiye akufunsa kuti framework-yo ndi chiyani, ndi zololedwa kapena ndi kuba kwatsopano, nanga munthu wa kashopu angalowemo bwanji.

Achimwene, ndayankha poyera pano chifukwa simuli nokha, ndipo nkhaniyi imandikhudza kwambiri.

Tiyambe ndi chinthucho. Mwawaonapo amayi a geni ya usipa kunyanjaku. Mayi mmodzi akafuna kutumiza matumba ake atatu ku Limbe payekha, mwini lole amamutchaja mmene wafunira. Koma amayi makumi awiri akakhala pansi ndi mwini lole uja n'kugwirizana kuti chaka chonse chino thumba limodzi tizilipira mwakuti, ndipo tikaimba foni lole izifika mawa lake, zinthu zimasintha. Tsiku logwirizanalo palibe thumba limene lakwera, angomanga mtengo ndi malamulo basi. Kenako aliyense akakhala ndi katundu amangoimba, sayambanso kunenerera. Framework agreement ndi imeneyo. Ofesi imodzi ya boma imaitanitsa tenda kamodzi m'malo mwa maunduna ndi madipatimenti ambiri, imasankha kampani imodzi kapena zingapo, imamanga mitengo ndi mtundu wa katundu kwa nthawi yoikika, ndiye ofesi iliyonse ikafuna laputopu kapena intaneti imangolemba oda pansi pa mgwirizano womwewo, oda imene a zogulagula amaitcha call-off.

Kuti ndi zololedwa, eya, njirayi payokha si kuba. Kwathu kuno zogula za boma amayang'anira ndi a PPDA, amene anabwera ndi lamulo la 2017 kulowa m'malo mwa ODPP yakale ija, ndipo ofesi iliyonse yogula imakhala ndi komiti yake, IPDC, imene imavomereza kugula. Komanso kugulira pamodzi si kwachilendo, mankhwala ambiri a m'zipatala za boma amadzera ku Central Medical Stores Trust, si kuti chipatala chilichonse chimadziodera chokha kunja.

Ndipo ndinene zimene mwina simukufuna kumva: pa zinthu zina njirayi ndi yabwino kuposa ya makotesheni atatu imene tinazolowera. Inu nomwe mukudziwa mmene makotesheni atatu aja amapezekera nthawi zina, munthu mmodzi yemweyo ali ndi mabuku a makampani atatu m'chikwama, amalemba atatu onse atakhala pa benchi imodzi. Mukudziwanso kuti ofisala wa pa ofesi yaing'ono, amene ntchito yake ndi ya ulimi kapena ya maphunziro, sangasiyanitse laputopu yatsopano ndi yakale yopukuta bwino yoikidwa m'katoni, kapena Windows ya laisensi ndi yokuba. Mapeto ake chipinda chimodzi muli mapurinta anayi a mitundu inayi, iliyonse tona wakewake, atatu anafa kalekale. Boma likagula laputopu masauzande nthawi imodzi, akatswiri atalemba bwino zofunika, mtengo umatsika, waranti imakhala yeniyeni, ndipo sipeya ya ofesi iyi imakwananso pa ofesi iyo. Intaneti ndiye kwambiri. Pulojekiti ya Digital Malawi imene World Bank inavomereza mu 2017 ndi ndalama zokwana madola 72.4 miliyoni, mbali ina ya ntchito yake inali yomweyi, kugula intaneti yambiri pamodzi n'kuigawa ku maofesi, zipatala ndi masukulu a boma m'malo moti aliyense azigula bandulo payekha. Pamenepo ine ndilibe nazo vuto.

Maiko ena anayamba kale ndipo pali zoti tione. Ku America amazitcha GWAC, makontrakiti a za makompyuta amene nthambi imodzi ya boma imasainira kuti nthambi zonse zizigulirapo, ndipo zinakhazikika pambuyo pa lamulo la 1996 lotchedwa Clinger-Cohen Act. Bungwe la GSA, loona zogula za boma kumeneko, limayendetsa ina monga Alliant, a NASA anakhazikitsa yawo yotchedwa SEWP. Koma taonani zinthu ziwiri. Choyamba, pa mgwirizano umodzi pamakhala makampani ambiri, ndipo ntchito ikatuluka amapikisananso okhaokha, si kuti mmodzi wangopatsidwa mphika wonse. Chachiwiri, anapanga dala ina ya makampani ang'onoang'ono okha, monga 8(a) STARS, ndi ina ya mabizinesi a asilikali akale olumala. Ku Britain mu 2012 anatsegula G-Cloud, ndipo chimodzi mwa zolinga zake chinali choti makampani aang'ono nawonso azigulitsa ku boma, osangoti zimphona zokhazokha. Pomwe ku Joni kumene abale athu ambiri a kuno amapita, anakhazikitsa SITA mu 1999 kuti izigulira boma lonse za makompyuta, ndipo kwa zaka zambiri madipatimenti akhala akudandaula kuti kudikira SITA kumachedwetsa ntchito. Njira ndi imodzi yomweyo, koma kamangidwe kake ndiye kamasiyanitsa.

Tsopano pamene pamandipweteka ine. Katundu ndi ntchito ya manja ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo olemba ma tenda ali mu ofesi yozizira amaziphatikiza ngati chinthu chimodzi. Laputopu ndi laputopu, kaya yaperekedwa ku Capital Hill kaya ku Namwera. Koma kukonza kumafuna munthu afike ndi sikuludiraiva m'manja. Kampani ili ku Lilongwe kapena ku Blantyre, purinta yafa ku Makanjira, mvula ikugwa, mukuganiza atumiza galimoto ndi mafuta a masiku ano chifukwa cha purinta imodzi? Amadikira madandaulo achuluke kaye kuti ulendo ukhale umodzi.

Ndinazionapo ndi maso anga pa ofesi ina m'boma lathu lino. Ndinapita kukatenga kalata, ndinapeza purinta yaikulu yabwinobwino ili pakona atayiphimba ndi chitenje, pamwamba aikapo mafayilo ndi kapu ya tiyi. Akalaliki, bambo wachikulire waulemu wake, anandiuza kuti ikungotafuna mapepala ndipo anapereka kale lipoti, koma saloledwa kuitana wina aliyense kuti aitsegule chifukwa akatero waranti ithera pomwepo. Ndiye anatenga fulashi, kukwera kabaza dzuwa lili pamutu, kukapurintitsa kalata yanga pa shopu ya mafotokope, ndalama yotuluka m'thumba mwawo, ine n'kuwabwezera. Mu fulashi imeneyo munali makalata a anthu ena ambirimbiri, mayina, nkhani zawo, zonse zikulowa mu kompyuta ya pa shopu imene aliyense amabayapo fulashi yake. Kutafuna mapepala nthawi zambiri ndi fumbi kapena karola kotha, ntchito imene inu achimwene mukanaimaliza tiyi asanazizire. Pa pepala boma linapulumutsa ndalama pogula pamodzi, koma ndalama ya kabaza ya bambo aja ndi tsiku lawo lotayika sizilembedwa m'buku lililonse.

Kuno kwathu makina amafa mosiyana ndi kumtunda. Kutentha kwa Okutobala, fumbi, mphemvu ndi nyerere zomanga m'kati mwa CPU, magetsi obwera mwamphamvu akazima. Amene amadziwa zimenezi ndi munthu wokhala konkuno. Ndiye maganizo anga ndi akuti katundu agulidwe pamodzi, sindikukana, koma ntchito yokonza igawidwe m'maloti, kapena kuti m'magawo, boma lililonse kapena chigawo chilichonse loti yake, ndipo mu kontrakiti mulembedwe kuti wokonza afike pasanathe masiku akutiakuti apo ayi adulidwe ndalama. Akalemba choncho, kampani yaikulu payokha idzakusakani inu.

Palinso zoopsa zina zimene osainira amayenera kuziopa. Ukamangirira boma lonse kwa kampani imodzi, makamaka pa masisitimu, tsiku lodzasiyana nayo umapeza kuti mapasiwedi, laisensi ndi luso lonse zili m'manja mwawo. Anthu a ku Mangochi sitifunika kuuzidwa, tinaona nkhani ya mapasipoti: boma linathetsa kontrakiti ndi kampani imene inkayendetsa sisitimuyo mu 2021, ndipo kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata, achinyamata ofuna kupita ku Joni ali manja m'khosi. China ndi kwacha. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo chilichonse cha kompyuta chimachokera kunja. Sapulaya amene anamanga mtengo wa tona miyezi ingapo m'mbuyomo amangosiya kubweretsa, kapena amabweretsa wodzazanso m'katoni yatsopano. Mgwirizano wolembedwa bwino umanena poyera mmene mitengo idzasinthire zikatere. Ndipo za katangale, kuphatikiza ma tenda sikuthetsa dyera, kumangochepetsa zitseko zogogoda. Ikakhala tenda imodzi ya mabiliyoni, wokhota mmodzi amakhotetsa maofesi onse kwa zaka. Cashgate ya 2013 inadutsa mu IFMIS, sisitimu imodzi yolipirira ya boma, ndiye tisamaganize kuti chilichonse chokhala pamalo amodzi ndi chotetezeka.

Nanga inu mutani?

Bwererani ku ofesi ija, mwaulemu, mukaonane ndi a procurement eniake osati wa pa khomo. Mukafunse kuti mgwirizanowo anasainira ndani, unayamba liti, utha liti, ndipo ukukhudza chiyani kwenikweni. Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa mawu oti zili pa framework nthawi zina amangokhala chotsekera pakamwa. Mwina mgwirizano ndi wa tona ndi makina atsopano okha, pomwe mapurinta akale, mawaya a netiweki, ma UPS (mabatire a makompyuta magetsi akazima) ndi kuchotsa mavairasi sizilimo, ndipo zimenezo akhoza kugulabe ndi makotesheni monga kale. Zimenezi si chinsinsi, ndi ndalama za misonkho yanu, ndipo lamulo la Access to Information limene linayamba kugwira ntchito mu 2020 limakupatsani ufulu wopempha polemba kalata.

Kenako konzani mapepala anu, chifukwa ambiri timagwera pamenepa. Bizinesi yolembetsedwa, TPIN (nambala yanu ya msonkho), tax clearance ya ku MRA (kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino) imene nthawi yake sinathe, satifiketi ya PPDA, akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesi osati lanu. Ndipo ntchito zonse zimene munagwira zaka zapitazi, sakani ma LPO ake ndi ma invoisi, pemphani makalata a umboni kwa amene munawagwirira ntchito, sukulu za pulaiveti, ma lodge a ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, mabungwe, onsewo. Tenda imafunsa umboni wa pa pepala, kudziwika kuti ndinu katswiri pa Boma pano sikuwerengedwa. Mu 2020 boma linatulutsanso lamulo lapadera loti mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati azipatsidwa danga pa zogula za boma, koma limathandiza okhawo amene analembetsa.

Mukadziwa kampani imene inapambana, alembereni. Auzeni kuti muli pa Mangochi, muli ndi njinga yamoto kapena ayi, mumafika Malindi, Namwera, Chilipa, ndipo mukhoza kukhala manja awo kuno. Kwa iwo kukulipirani inu n'kotchipa kuposa dizilo wochokera ku Blantyre. Koma chonde achimwene, zolembedwa. Mtengo wa ulendo uliwonse, ndani agula sipeya, alipira pakatha masiku angati, ndipo kulipira kwanu kusadikire kuti iwo alipidwe kaye ndi boma, chifukwa boma likachedwa miyezi isanu iwo apirira koma inu lendi ya shopu ikuthamangitsani. Ndikudziwa kuti kukhala pansi pa wina pa ntchito imene munkaigwira nokha n'kowawa, ndipo phindu limachepa. Koma dzina lanu limalowa m'mapepala a ntchito yaikulu, ndipo ulendo wotsatira mumakhala ndi chosonyeza.

Ulendo wotsatirawo ndiye muukonzekere panopa. Mgwirizano uliwonse umatha ndipo amalengezanso, ndiye muziona ma tenda mu The Nation ndi The Daily Times komanso pa webusaiti ya PPDA. Mukhale pansi ndi anzanu awiri atatu, wina wa netiweki, wina wa sola ndi mabatire, wina wodziwa kulemba mapepala, mupange joint venture yolembedwa bwino, mutu umodzi susenza denga. Akaitana msonkhano wa ofuna kupikisana tenda isanatsekedwe, pitani ngakhale thiransipoti ikhale yowawa, mukaimike dzanja n'kufunsa ngati ntchito yokonza ingagawidwe m'maloti a zigawo, ndipo funso lomwelo mulitumizenso polemba kuti liyankhidwe polemba. Makhansala ndi aphungu athu nawonso auzeni nkhani imeneyi, ambiri sadziwa kuti ntchito zazing'onozing'ono zimene zinkadyetsa mabanja pa Boma pano zikusamukira m'tauni mwakachetechete.

Mukapeza tsiku limene mgwirizano wa pa ofesi ija ukutha ndi zimene zalembedwamo, nditumizireninso imelo, tidzaone limodzi kuti ndi mbali iti imene yatsala yotseguka.