Funsani Dokotala: Mankhwala akatha, matenda a bambo amabwereranso

Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 74 ndipo chiyambire Januwale amakodzera m'chubu chifukwa cha vuto la prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Mkodzo ukada n'kuyamba kununkha timawagulira mankhwala opha mabakiteriya otchedwa ciprofloxacin. Amakhala bwino sabata ziwiri, kenako zayambiranso. Pano amwa katatu. Kodi mankhwala a masiku ano ndi achinyengo?
Mayi wa ku Dzivarasekwa

Zikomo mayi chifukwa chowasamalira bambowa. Mankhwala achinyengo alipo, makamaka ogula m'misika, koma pa nkhani yanuyi ine ndikukayikira chubucho.

Tengani chigubu chimene mumasungira madzi a pamjigo, mupise chala mkati. Mumva kuterera. Amenewo ndi mabakiteriya amene akakamira pakhoma la chigubu n'kudzikuta ndi zinthu zomata ngati ulimbo, zimene amatulutsa okha. Madokotala timati biofilm. Zoyera zimene zimamata m'mano mukagona osatsuka ndi zomwezo. M'chubu cha mkodzo zimayamba m'masiku ochepa chabe, ndipo chubu chikatha mwezi, pafupifupi aliyense amapezeka ndi mabakiteriya mumkodzo.

Ciprofloxacin amapha amene akuyandama mumkodzo, n'chifukwa chake bambo amaoneka kuti achira. Koma a mkati mwa ulimbo muja mankhwala sawafika bwino, ndipo ena amakhala chigonere, osaberekana, pomwe mankhwala ambiri amagwira tizilombo timene tikukula. Botolo likatha, amadzuka n'kufalikiranso. Choipa kwambiri n'chakuti pokhala mothithikana chonchi amapatsirana mphamvu yokana mankhwala. Mukawamwetsa bambo kachinayi, mwina ciprofloxacin sachitanso kanthu ngakhale kwa oyandama aja. Ife a ku Harare izi si zachilendo: kolera wa mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro sankamva mankhwala omwewa.

Chimene mabanja ambiri amadabwa ndikawauza ndi ichi: kununkha kapena kuda kwa mkodzo pakokha si chifukwa chomwera maantibayotiki. Nthawi zambiri munthuyo akungosowa madzi akumwa. Timapereka mankhwala ngati thupi latentha, akunjenjemera, akumva kupweteka m'chiuno kapena pachinena, kapena ayamba kubalalika mutu mwadzidzidzi, zimene zimachitika kawirikawiri kwa okalamba.

Zikatero musathamangire ku famase. Pitani nawo kuchipatala asanamwe mankhwala alionse. Ngati chubu chakhalitsa kuposa sabata ziwiri, anamwino achichotse n'kuika chatsopano, ndipo mkodzo wokayeza autenge m'chatsopanocho, osati m'thumba limene mkodzo wa m'chubu umagweramo. Ku labotale amabzala mkodzowo m'timbale, n'kuona mtundu wa bakiteriya amene wamera, kaya E. coli, Klebsiella kapena Proteus, ndi mankhwala amene angamuphe. Zotsatira zimatenga masiku awiri kapena atatu. Ndikudziwa kuti kuyezetsa kumadya ndalama, koma werengani zimene mwataya pa maulendo atatu aja.

Proteus ndimutchule padera. Ameneyu amasandutsa mkodzo kukhala timiyala tangati mchenga timene timatseka chubu. Mukaona thumba lili lopanda mkodzo kwa maola angapo, bambo akudandaula kuti chikhodzodzo chadzaza, musadikire kuti kuche.

Kunyumbako, thumba lizikhala m'munsi mwa chiuno koma osagunda pansi, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo musanalikhuthule. Mukapita kukaonana ndi dokotala wa prostate, mufunsenso ngati mankhwala kapena opaleshoni ingathandize kuti bambo asiyane nacho chubuchi.