Za puloti ya ku Njewa ndi ngongole zitatu zija

Achemwali amene munafunsa pagulu lino dzulo usiku, pepani ndachedwa kuyankha, ndimafuna ndikhale kaye pansi ndi cholembera. Kwa amene funso lawo linakupitani: achemwaliwa amagwira ntchito m'boma kuno ku Lilongwe, ndipo akadulidwa zonse amatsala ndi K600,000. Ngongole ali nazo zitatu. Ina ndi ya kampani yodula pa malipiro, K110,000 mwezi uliwonse, kwatsala miyezi 18. Ina ndi K300,000 ya ku banki mkhonde, chiwongoladzanja chake 20% pamwezi. Yachitatu ndi K150,000 ya katapila, 50% pamwezi, ndipo mwini ndalamayo anawalanda khadi la ATM ngati chikole. Ziwiri zomalizazi akungolipira chiwongoladzanja chokha. Lendi ndi K120,000. Ku akaunti ina asungako K400,000, ndipo wina akuwatsatsa puloti ku Njewa pa K3.5 miliyoni. Akufunsa kuti apitirize kusungira puloti kapena athane kaye ndi ngongole.

Ambiri muno mwawauza kuti ndalama ya puloti asaikhudze, ati akangoigwira ndiye kuti za nyumba aiwale. Mantha amenewo ndikuwadziwa, koma ine ndikusiyana nanu. Achemwali, tengani pepala tiwerengere limodzi. Wakatapila mukumupatsa K75,000 mwezi uliwonse, K150,000 yake ili chikhalire. Ku banki mkhonde mukusiyako K60,000, K300,000 ija nayo sikusuntha. Kuphatikiza ndi K135,000 pamwezi, kuposa lendi ya nyumba imene mukugonamo. Pachaka ndi K1,620,000, pafupifupi theka la puloti imene mukuilotayo. Tsono yang'anani K400,000 yanu. Ngakhale banki itakukomerani mtima n'kukupatsani 10% pachaka, mupeza K40,000 chaka chonse, yosakwana K3,500 pamwezi. Mukuweta nkhuku yoikira dzira limodzi pomwe fisi akutenga mbuzi m'khola mwezi ndi mwezi. Ndalama imene mukuti ndi ya puloti si yanu ayi, ndi ya wakatapila, mukungomusungira.

Sindikulankhula ngati munthu amene sanalowepo m'matope amenewa. Mu 2019 mayi anga atadwala ndinatenga katapila, nanenso khadi langa linakagona m'chikwama cha munthu wina. Tsiku la malipiro ndinkaima pambali pa ATM iye akutapa ndalama zanga, n'kundipatsa zotsala ngati mwana wopatsidwa ya mandasi. Miyezi isanu ndi iwiri ndinkalipira chiwongoladzanja chokha, chonsecho ndili ndi kandalama kanga kobisa, ndikudzinamiza kuti ndikusunga. Nditadzawerengera, ndinapeza kuti ndamubwezera ndalama yake katatu ndi theka ndipo ngongole ikadali yonse. Chimene chinkandigwira chinali manyazi. Ndinkaona ngati ndikatapa zosungazo ndiye kuti ndavomera kuti ndalephera.

Ndiye mwezi uno ukatha chitani motere. Chiwongoladzanja cha mbali zonse ziwiri mulipire kuchokera pa malipiro monga mwa nthawi zonse. Kenako mutape K350,000 pa zosunga zija. K150,000 mukamupatse wakatapila, mutatenga mboni, ndipo alembe ndi dzanja lake kuti zatha. Khadi akubwezereni pomwepo, osati "mubwere mawa", ndipo tsiku lomwelo mukasinthe nambala yachinsinsi. Anthu amenewa sakondwera munthu akamamaliza, ena amayamba kukunyengererani kuti mungosiya pang'ono, ena amatulutsa masiku owonjezera amene simunagwirizane. Mboniyo ndi ya zimenezo. K200,000 mukachepetsere ya ku banki mkhonde, itsale K100,000. Mwezi wotsatira mudzapereka K120,000 n'kutseka buku. K50,000 yotsalayo muisiye, ndi ya tsiku limene mwana adzatenthe thupi usiku, chifukwa munthu wopanda kalikonse m'thumba ndi amene amabwerera kwa wakatapila sabata yomweyo. Malipiro awiri okha, ndipo K135,000 idzayamba kutsala m'manja mwanu mwezi uliwonse osachepetsako ndiwo ngakhale pang'ono.

Wina anena kuti chiwongoladzanja cha banki mkhonde sichipweteka poti chimabwerera pogawana mu Disembala. Chimabwereradi, koma chimagawidwa kwa onse malinga ndi masheya a aliyense. Ngati muli anthu 20 ndipo masheya anu ndi apakatikati, pa K60,000 iliyonse imene mukupereka mudzaonako mwina K3,000. Amene amaseka mu Disembala ndi uja amaponya masheya ambiri n'kumakongola mochepa, kapena amakongola n'kukapindulitsa pa geni. Gulu musatulukemo, n'lothandiza, koma mukhale mbali ya oponya. Ngati malamulo a gulu lanu amakakamiza aliyense kutenga ngongole, tengani yochepetsetsa imene akulola ndipo muibweze mwezi womwewo.

Ngongole yodula pa malipiro ija musaithamangire. Pitani ku ofesi yawo mukapemphe kalata yosonyeza ndalama imene mungalipire mutafuna kutseka lero. Muiyerekeze ndi K1,980,000, imene ndi K110,000 kuchulukitsa ndi miyezi 18. Ngati kusiyana kwake n'kochepa, ndiye kuti chiwongoladzanja anachiwerengera kale chonse pachiyambi, ndipo kulipira msanga sikukupulumutsani kanthu. Isiyeni izidulidwa yokha. Ubwino wake ndi woti K110,000 imeneyo sikwera, pomwe sopo, shuga ndi minibasi zikukwera, ndiye malipiro akakwezedwa imapepuka. Chimene ndikukupemphani ndi chimodzi: akakuimbirani foni kuti mwayenerera "top up", dulani. Amaimba mwaulemu kwambiri, nthawi zambiri pafupi ndi kutsegulira sukulu kapena Khirisimasi, akudziwa kuti m'thumba mwauma. Akupatsani kandalama kochepa m'manja, miyezi 18 ija n'kusanduka 48. Tingongole ta pafoni natonso, tija mumangodina manambala ndalama n'kulowa, tiziwerengedwa ngati ngongole. Timaoneka tating'ono, koma ukawerengera mtengo wake pa masiku ochepa amene amakupatsa, n'todula, ndipo ukachedwa kubweza dzina limatha kukafika ku credit reference bureau, bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu, kumene mabanki amayamba afunsa asanakukongoze.

Za bajeti sindichulutsa, poti aliyense muno ali ndi njira yake. Ine yanga ndi kope la ana asukulu. Mwezi umodzi wathunthu lembani chilichonse, ngakhale K500 ya tomato ndi bandulo ya pa foni. Simudzafuna munthu wokulangizani, kopelo lidzakuuzani lokha. Ziwiri zokha ndiwonjezere. Thandizo la kumudzi ndi zopereka za pamaliro, paukwati ndi ku mpingo zikhale ndi mzere wake ndi malire ake, chifukwa zimabwera mwezi uliwonse ngakhale timazitcha zadzidzidzi. Mzerewo ukatha, yankho ndi lakuti "mwezi uno ndilibe", ndipo simunama. Chachiwiri, chimanga cha chaka chonse muzigula nthawi yokolola, cha m'ma Meyi ndi Juni, n'kuthira mankhwala a anankafumbwe kapena kusunga m'matumba osalowa mpweya otchedwa PICS. Wogula ufa wa pa walkman mu Januwale ndi Febuluwale amalipira mtengo wa njala. Simunanene ngati muli pabanja. Ngati muli pabanja ndipo abambo akunyumba sakudziwa za katapilayu, auzeni musanatape ndalama ija. Mkangano wa tsiku limodzi umapola, koma akadzamvera kwa mwini ndalama pachipata zimakhala zina.

Tsopano ku nyumba, kumene mtima wanu uli. Ngongole ziwiri zija zikatha, K135,000 muziichotsa tsiku lomwe malipiro alowa, isagone ku akaunti imene mumatapako ya ndiwo. Yodula pa malipiro ikadzatha mudzawonjezera K110,000, kukhala K245,000 pamwezi. Pa mtengo wa lero, K3.5 miliyoni mukhoza kuikwanitsa m'zaka ziwiri. Vuto ndi lakuti mtengo wa lero sudikira munthu. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44% mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Ine nthawi imeneyo ndinali nditasunga ya malata ku akaunti wamba, ndikudikira kuti ikwane yonse ndikagule kamodzi. Nditapita ku hadiweya, ndalama ya denga lonse inangokwana mbali imodzi ndi kachidutswa. Mitengo ya zinthu yakhala ikukwera pafupifupi 30% pachaka m'zaka zapitazi, ndiye kwacha yongokhala imasungunuka ngati mchere wa m'dzinja.

Choncho ndalamayo ikhale pamalo pamene ikubereka. Ogwira ntchito m'boma muli ndi mwayi wolowa SACCO, bungwe limene mamembala amasungako ndalama ndi kukongozana, n'kumadulitsa masheya pa malipiro, ndalama osaiona n'komwe. Onetsetsani kuti ndi yovomerezeka ndi Reserve Bank, ndipo mukhoza kufunsa ku MUSCCO, bungwe limene limasonkhanitsa ma SACCO m'dziko muno. Ma SACCO ambiri amakongoza kawiri kapena katatu pa masheya amene munthu ali nawo, pa chiwongoladzanja chimene pamwezi sichiyandikira n'komwe 20% ya banki mkhonde. Masheya anu akafika K1.5 miliyoni mukhoza kutenga yokwanira puloti mtengo usanathawe. Imeneyo ndi ngongole imene ine ndingaivomereze, poti ikugula chinthu chimene chikukwera mtengo. Palinso ma unit trust (thumba limene anthu ambiri amaponyamo ndalama kuti kampani izipindulitse) a makampani ngati Old Mutual ndi ma Treasury bill a boma (kukongoza boma ndalama kwa nthawi yochepa), amene amapereka zochuluka kuposa akaunti wamba. Koma aliyense wokulonjezani kuti ndalama yanu ibereka kawiri pamwezi mukangolowetsa anzanu atatu, muthaweni. Chikomekome cha mkuyu.

Puloti ya ku Njewayo isakusowetseni tulo. Ogulitsa malo onse amati pali wina akubwera ndi ndalama mawa. Ikapita, ina idzapezeka, kaya ku Chitipi, kaya ku Mpingu, kaya mbali ya ku Lumbadzi. Chimene chimalirisa anthu si kuchedwa kugula, ndi kugula malo amene anagulitsidwa kale kwa anthu atatu. Ngati wogulitsa akuti ali ndi lizi, tengani nambala yake mukafufuze ku ofesi ya Lands kuti dzina ndi lake ndipo malowo sali pa chikole ku banki. Ngati ndi malo a kwa mfumu, siginecha ya nyakwawa yokha sikwanira. Pakhale a gulupu, oyandikana nawo malire mbali zonse, komanso akubanja la wogulitsayo, makamaka mwini mbumba. Kuno kwa Achewa munda umayenda kuchikazi, ndiye mnyamata akhoza kukugulitsani malo a amayi ake atsibweni ake osadziwa, inu n'kudzamva mutakweza khoma. Mufunsenso ku khonsolo ngati sipadzadutsa msewu, ndipo muyang'ane m'mwamba ngati palibe mawaya akuluakulu a ESCOM. Kukaona malo mu Okutobala n'kudzinamiza, dambo lililonse limaoneka ngati mtunda. Mupite mu Febuluwale mvula itagwa usiku. Amene anaona mtsinje wa Lingadzi utasefukira ku Mtandire mu 2017, kapena zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023, sakanganso za zimenezi. Ndalama muzipereka kudzera ku banki kapena pa foni kuti pakhale umboni, ndipo ngati mwagwirizana zolipira pang'onopang'ono, zilembedwe kuti mtengo sudzasintha. Mukangomaliza, yambani za mapepala ndipo muikepo chizindikiro, ngakhale maziko a chipinda chimodzi kapena mitengo m'malire.

Wina anatchula za ngongole ya nyumba ya ku banki. Pa malipiro anu, ayi. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26%, ndipo mabanki amakongoza anthu wamba pamwamba pa pamenepo. Tingoyerekeza K20 miliyoni pa 28%: chiwongoladzanja chokha ndi pafupifupi K467,000 pamwezi, musanabwezeko ngakhale tambala ya ngongole yeniyeniyo. Amafunanso malo a mapepala athunthu. Ambirife tinamanga ndi malipiro, mzere ndi mzere. Yambani ndi boizikota ya zipinda ziwiri kumbuyo kwa puloti, chimbudzi ndi bafa panja, mulowemo ngakhale isanapakidwe pulasitala. Tsiku limene mudzalowe, K120,000 ya lendi idzasanduka ya njerwa za nyumba yaikulu, ndipo mukadzasamukira m'nyumba yaikuluyo boizikota idzayamba kukulipirani. Ine ndinalowa mawindo ali otseka ndi masaka, apongozi anga anadandaula mpaka kukauza abusa.

Pogula zipangizo, yambani ndi zosaonongeka: malata, mafelemu a zitseko ndi mawindo, zitsulo, mabuloko. Simenti musaunjike, imagwira chinyontho n'kuuma m'thumba ikakhala miyezi ingapo, muzigula mmisiri ali pamalo. Mmisiriyo muzimulipira pa gawo limene wamaliza, maziko paokha, kufika pa lintala paokha, denga palokha, ndipo matumba a simenti muziwerenga nokha madzulo.

Mukakatenga kalata ija ku kampani yodula pa malipiro, mubwere nayo muno tidzaione limodzi, mutabisa dzina ndi nambala ya ntchito. Mutiuzenso ngati khadi labwerera m'chikwama chanu.